Komboni Siituluka pa Chithunzi

M'mapulazi a ku Mashonaland mwafika malonda amene sakwezedwa pa sikelo ngati belo la fodya. Munthu wa ndalama zake akapita ku tchuthi masiku ano sakhutiranso ndi kudzijambula pa foni. Amapangana ndi katswiri wa kamera tsiku, ola ndi malo, n'kulipiriratu. Tsikulo likafika amavala zovala zogwirizana mtundu ndi za mkazi wake ndi ana, katswiri uja n'kumawatsatira pambuyo: imani apa, yang'anani uko, gwiranani manja, sekani. Pakatha masiku angapo zithunzi zimafika zitakonzedwa pa kompyuta, kenako zimakwera pa Instagram ndi Facebook kuti a ku London, a ku Johannesburg ndi a ku Lilongwe aone kuti mnzawo anadya Khirisimasi pamalo pokongola.

Mchitidwewu unakula ndi intaneti. Mu 2013 mayi wina wa ku Canada, Nicole Smith, anayambitsa kampani ya Flytographer yolumikiza anthu apaulendo ndi ojambula a m'mizinda imene akupita, ndipo ena ambiri anatsatira. Ku Zimbabwe malondawa anapeza nthaka yolimalima kale. Kumeneko anthu amajambulitsa pa tsiku lopereka malowolo, lomwe eni dziko amati roora, amajambulitsa ukwati usanachitike, amajambulitsa pathupi, amajambulitsa tsiku lobadwa. Ndipo mapulazi ena ozungulira Harare, a m'njira ya ku Marondera, a ku Mazowe, a ku Norton ndi a chakufupi ndi Chinhoyi anasandutsa nyumba zakale za azungu kukhala malo ogona alendo ndi ochitirapo maukwati. Kuli madamu, kuli miyala ikuluikulu yosanjikizana, kuli mitengo ya musasa imene imafiira masamba chilimwe chikamayamba, kuli jakaranda wa mu Okutobala. Wojambula angafunenso chiyani?

Ndilibe mlandu ndi chisangalalo cha munthu. Amene wagwira ntchito chaka chonse m'nyumba zosamalira okalamba ku England, kapena kuyendetsa galimoto ku Gauteng, ali ndi ufulu wovala bwino ndi kuima padzuwa la kwawo. Mlandu wanga ndi wina. Zithunzi zimenezi zikuchita zinthu ziwiri kwa anthu okhala m'makomboni a m'mapulaziwo, ambiri mwa iwo zidzukulu za Amalawi, anthu a ku Mozambique ndi a ku Zambia. Choyamba, zimawachotsa pamalo pamene anamanga ndi manja awo. Chachiwiri, zikawafuna zimawabwezapo ngati chokongoletsera, ngati mtsuko kapena ngolo yakale. Zonse ziwirizi n'zamanyazi, ndipo manyazi aakulu ali pa ife olankhula Chichewa amene tayamba kulipira kuti abale athu achitidwe zimenezi.

Taonani mmene ntchitoyo imayendera. Wojambula wodziwa amasankha nthawi ya kumadzulo dzuwa litapendeka, pamene kuwala kumafewa. Amaimika makasitomala ake patsogolo pa mabalani akale a njerwa zofiira momwe ankaumitsira fodya, kapena pamsewu wa mitengo wopita ku nyumba yaikulu, kapena pakhoma la damu. Pafupi pomwepo, mwina mtunda wosakwana kuyimba mluzu, pali komboni: nyumba zong'ambika makoma, mjigo umodzi wa mabanja ambirimbiri, ana osavala nsapato. Wojambula amangotembenuka pang'ono, komboni yapita. Ikaumirira kuoneka pakona, amaifafaniza pa kompyuta monga amafafanizira waya wa magetsi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwake n'kwakuti pano obisidwawo ndiwo anadzala mkuyuwo.

Mabalani amenewo sanamere okha. Chiyambireni ulimi wa azungu ku Southern Rhodesia, eni minda ankasowa antchito, poti Ashona ambiri anali ndi minda yawo ndipo sankafuna malipiro a pa pulazi. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, ndipo ntchito yake anthu anaitcha chibalo. Amuna a ku Nyasaland, othawa msonkho ndi umphawi, ankayenda pansi milungu ingapo kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka kukatulukira ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. M'zaka za m'ma 1930 boma la Rhodesia linaika magalimoto onyamula antchito osalipiritsa, amene anatchuka ndi dzina la Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba anthu limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Tamvani mainawo: ulere, mthandizi. Ngakhale kalelo ankadziwa kupaka utoto pa chinthu chowawa.

Ambiri anapita ndi maganizo obwerako ndi njinga, bulangete ndi ndalama ya msonkho. Ena anabwereradi. Ena anakwatira komweko, anabereka, anakalamba, kumudzi n'kuwatcha machona. Ndiwo anazula zitsa ku Banket, ku Trelawney, ku Raffingora, ku Mvurwi, ku Centenary, ku Karoi ndi ku Tengwe. Ndiwo anaumba njerwa, kukumba madamu, kusonkhezera moto m'mabalani usiku wonse. Moyo wawo wonse unali m'manja mwa mwini pulazi: nyumba ya bwana, sitolo ya bwana, ngongole ya bwana, milandu yoweruzidwa pakhonde pa bwana. Wofufuza wina, Blair Rutherford, amene anakhala pakati pa antchito a ku Hurungwe, anafotokoza m'buku lake la 2001 kuti pulazi inali ngati boma laling'ono la m'nyumba ya munthu mmodzi. Ngakhale ufulu wa 1980 utabwera, antchitowa anakhala zaka zambiri osaloledwa kuvota pa zisankho za makhonsolo a m'madera awo, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Diso loona dziko lokongola lopanda anthu nalonso silinayambe lero. David McDermott Hughes, m'buku lake la 2010 lonena za azungu a ku Zimbabwe, anasonyeza kuti ambiri mwa iwo anapalana ubwenzi ndi mapiri, madamu ndi nyama zakutchire, pamene anthu akuda owazungulira anangowasiya kumbali kwa maso. Filimu ya Out of Africa ya mu 1985, yojambulidwa ku Kenya, inagulitsa maloto omwewo ku dziko lonse: zovala za khaki, mabokosi akale a paulendo, nyali, tebulo loyalidwa pansi pa mtengo, ndi wantchito wachete ataima chapatali. Pitani pa Instagram lero mukaone zithunzi za tchuthi za pa pulazi. Khaki ndi yemweyo, chipewa n'chomwecho, mpando wa pakhonde ndi womwewo. Chasintha ndi nkhope ya wokhala pampando. Mdzukulu wa munthu amene ankagwada pansi pa khondelo akulipira madola kuti amujambule ali bwana, ndipo akuti kumeneko ndiko kutukuka.

Mu February 2000 anthu anayamba kulowa m'mapulazi a azungu, ndipo mu July chaka chomwecho boma la Robert Mugabe linalengeza ndondomeko yogawa malo mwachangu. Palibe wanzeru angatsutse kuti nkhani ya malo inali yofunika kuikonza. Lamulo la 1930 linapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko, ndipo pofika 2000 alimi oposa pang'ono 4,000 anali adakali ndi gawo lalikulu la nthaka yabwino. Koma nyuzipepala za kunja zinadzaza ndi nkhope za azungu othamangitsidwa, za boma zinadzaza ndi nkhope za olandira minda, pamene antchito oposa 300,000 ndi mabanja awo sanatuluke bwino pa chithunzi chilichonse. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa mu 2003 anapeza kuti pafupifupi 200,000 ntchito inali itawathera. Amene analandirako minda anali ochepa kwambiri. Ena anakhalabe m'makomboni pansi pa eni atsopano, ena anakamanga zisakasa m'malo ngati Lydiate, kufupi ndi Norton, komwe mpaka lero Chichewa ndi Chiyao zimamveka.

Pali chithunzi chimodzi chimene anthu amenewa akhala akuchilirira, ndipo si cha pa damu dzuwa likulowa. Ndi kachithunzi kakang'ono ka pa chitupa. Ana obadwira ku Bindura, amene sanaonepo Dedza kapena Mangochi, ankapatsidwa zitupa zolembedwa kuti ALIEN, kutanthauza mlendo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akakane unzika umenewo, apo ayi wataya wa Zimbabwe. Mayi wosankha fodya ku Tengwe akanaidziwa bwanji nkhaniyi, nanga ya basi yopita ku ofesi ya kazembe ku Harare akanaitenga kuti? Ambiri anachotsedwa m'kaundula wa ovota chisankho cha 2002 chisanachitike. M'zaka zomwezo Mugabe ananyoza anthu otere kuti alibe mutupo, ngati kuti Banda, Phiri, Mwale ndi Mbewe si mifunda. Mu 2005, pa nthawi ya Murambatsvina, pamene bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera chakudya, ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Mwana wa m'komboni mudzi wake ndi uti?

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zina. Ndime 43 imati munthu wobadwira ku Zimbabwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 6 inaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo la pa pepala limafuna pepala linzake. Kuti upeze chitupa ufunika kalata ya kubadwa, kuti upeze kalatayo afuna mapepala a amayi ako, ndipo amayiwo anabadwira m'komboni ya pulazi imene mabuku ake anatayika mu 2002. Lipoti la Amnesty International la mu April 2021 linafotokoza za mabanja otere, ndipo linatchula chiwerengero cha UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 ku Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko. Wopanda chitupa mayeso a boma amamuvuta kulemba, foni sangalembetse m'dzina lake, banki simudziwa. Ndiye inu mufike ndi kamera ya madola zikwi, mumujambule akumwetulira, mumuike pamaso pa dziko lonse, pamene boma lake lomwe likukana kumuona. Kodi kumeneko si kumuseka?

Onjezani ichi. Pa 29 July 2020 boma la Emmerson Mnangagwa linasainirana pangano ndi oimira alimi achizungu lakuti lidzawalipira madola a ku America 3.5 biliyoni chifukwa cha zinthu zimene zinamangidwa pa mindayo: nyumba, madamu, mabalani, mipanda. Balani linawerengedwa mtengo. Amene anaumba njerwa zake mulibe m'panganolo. Tsopano balani lomwelo likupanganso ndalama kachitatu. Linadyetsa mzungu ndi fodya, lili pa mndandanda wa chipukuta misozi, ndipo lero likubwerekedwa pa ola kwa akwati ofuna khoma lokongola kumbuyo kwawo. Mdzukulu wa womanga akuuzidwa kuti asunthe kaye mbuzi zake chifukwa alendo akujambulitsa.

Kuchotsedwa pa chithunzi n'kowawa, koma kubwezedwapo ngati katundu n'koipa koposa. Alendo ena amafuna chimene amachitcha moyo weniweni wa kumudzi. Ndiye amaitanitsa amayi atasenza mitolo ya fodya, agogo ali pa mtondo, ana akuthamangira galimoto. Mlendo amabwereka khasu kapena lichero kwa mphindi ziwiri, n'kuima pakati pawo ndi nsapato zoyera. Wojambula amati anapempha chilolezo. Anapempha kwa yani? Kwa mwini malo, amene anauza manijala, amene anatuma kapitawo. Pa pulazi mawu a kapitawo sakhala pempho. Nyumba imene mayiyo akugona ndi ya pulazi, ndipo n'zodziwika kuti m'mapulazi ambiri wokana ntchito ya mwini malo amaopsezedwa kuti atuluke m'komboni. Munthu amene denga lake lili m'thumba mwa wina akati inde, inde ameneyo musamuwerengere.

Nkhani ya ndalama nayonso tiyinene poyera. Ola limodzi kapena awiri a wojambula wotchuka amatha kudya madola oposa 100. Malipiro otsikitsitsa a wantchito wamba wa pa pulazi m'zaka zaposachedwazi akhala osafika madola 100 pa mwezi wathunthu, ndipo bungwe la antchito la GAPWUZ lakhala likudandaula za malipiro ochepa ndi ochedwa. Izitu zikuchitika m'dziko limene limalima fodya wambiri kuposa lina lililonse mu Africa, limene mu 2023 linagulitsa makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni. Choncho pa chithunzi chimodzi pali anthu atatu: wojambula walipidwa, mwini malo walipidwa, ndipo mayi amene nkhope yake ndiyo yakometsa chithunzicho wapatsidwa dola imodzi kapena botolo la zakumwa. Chithunzicho chikagwiritsidwanso ntchito kutsatsa malonda a wojambula kapena a malo ogonawo, iye sauzidwa n'komwe.

Za ana ndiye ndilibe nazo mawu ofewa. Mwezi wa December, pamene alendo amachuluka, ndi nthawi imene fodya wothirira akuthyoledwa ndipo sukulu zatsekera. Mwana amene mukumuona m'munda atanyamula masamba sakusewera. Mu April 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lochokera m'zigawo za Mashonaland ndi Manicaland losonyeza ana ndi akulu ogwira ntchito ya fodya akudwala mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza, zizindikiro za poizoni wa nikotini amene amalowa pakhungu pogwira masamba aawisi, makamaka onyowa. Wojambula mwana ameneyo kuti chithunzi cha tchuthi chikome wajambula umboni wa mlandu n'kuupachika pa khoma ngati duwa. Inuyo mungalole mlendo kulowa pa geti panu ku Borrowdale kapena ku Area 47, kujambula mwana wanu, n'kumuika pa intaneti osakufunsani? Mukanaitana apolisi. Mwana wa m'komboni wasiyana pati ndi wanu?

Kenako pali Gule Wamkulu. Machona anapita naye ku Rhodesia, ndipo m'makomboni a m'mapulazi ndi m'migodi, komwe Ashona amamutcha zvigure, anakhala mudzi wa anthu opanda mudzi. Ndiye ankaika maliro, kulanga anyamata, kusonkhanitsa anthu a mafumu osiyanasiyana pansi pa ng'oma imodzi, ngakhale kuseka bwana kuseri kwa chigoba iye osadziwa. UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Dzina la Zimbabwe silinalembedwepo, ngakhale madambwe ake ali ponseponse ku Mashonaland. Zoona, gule amatuluka pa zisangalalo ndi pa misonkhano, ndipo amalandira msupo. Koma amatuluka mwa dongosolo la eni dambwe, ndi ng'oma zake, ndi amayi oyimba, pa bwalo. Kutenga chilombo n'kuchiimika chete pambali pa mkwatibwi, kuchiuza kuti chibwereze kudumpha chifukwa chithunzi choyamba sichinatuluke bwino, n'kuchotsa mwambo n'kusiya nsanza ndi nthenga zokha. Eni gule akavomera chifukwa cha njala, manyazi ali kwa amene wagula njalayo.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Ati malondawa akudyetsa achinyamata m'dziko losowa ntchito. Zimenezo n'zoona, ndipo mnyamata amene wagula kamera ndi ndalama ya thukuta lake ndimamulemekeza. Palibe akuti aleke. Komatu ntchito iliyonse ili ndi malire ake. Wopala matabwa sadula mtengo wa kumanda chifukwa choti kasitomala walipira. Wojambula amene luso lake limafuna munthu wosauka woima mwaulere ndiye kuti mtengo wake wautsitsa pamsana pa wina.

Ena ati anthuwo amakondwa, amathamangira kamera okha, dola imodziyo imagula sopo. Inde amathamangira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo amene sanadye sakana dola ya lero poganizira chithunzi chimene sadzachiona. Koma kusauka kwa munthu si chilolezo. Mthandizi nayenso ankati anthu amabwera okha kudzalembetsa. Ngati mukukhulupiriradi kuti ndi malonda, achiteni ngati malonda: nenani mtengo poyera, nenani kumene chithunzicho chikupita, ndipo wokana asaope kuti mawa kapitawo amukumbukira.

Enanso ati: ife tabwera kudzapuma, ndale tazisiya pa bwalo la ndege, ndipo mwini pulazi lero ndi munthu wakuda mnzathu. Khungu la mwini malo silinasinthe denga la m'komboni. Antchito ambiri anangosintha bwana, ena n'kutaya ngakhale kasukulu ndi kachipatala kamene kanalipo. Kupuma pumani, palibe akukuletsani. Mukafuna malo opanda funso lililonse, kuli madzi obiriwira a m'phanga la Chinhoyi, kuli miyala ya Domboshava, kuli nyanja ya Kariba. Koma mukasankha pulazi mwasankha malo amene anthu akukhalapo, ndipo kulowa pakhomo pa anthu osapereka moni ndi mwano m'chilankhulo chilichonse cha m'anthu athu.

Tsopano ndilankhule ndi inu abale anga, ana ndi zidzukulu za machona amene sukulu kapena mwayi unakutulutsani m'komboni. Ena mwa inu munasintha ngakhale dzina, Phiri n'kukhala lina, pothawa mawu achipongwe aja akuti mabwidi ndi mabhurandaya. Sindikuweruzani pa zimenezo, poti amene sanatukwanidwepo pa bwalo la sukulu sadziwa kulemera kwake. Koma mukabwera pa Khirisimasi n'kulipira wojambula kuti akuimikeni pakhonde la nyumba ya bwana, pamene agogo anu ali m'kanyumba ka kuseri kwa mabalani ndipo simunawaitane chifukwa alibe chovala chogwirizana ndi chanu, mwamaliza nokha ntchito imene lamulo la 2001 linayamba. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ana anu obadwira ku Leeds adzatsegula zithunzizo n'kuganiza kuti kwawo ndi khonde limenelo.

Kujambulitsa si chinthu chachilendo kwa anthu athu. M'makomboni munkafika ojambula a pa njinga kumapeto kwa mwezi, malipiro atangotuluka. Bambo ankavala jekete, kupukuta nsapato, kuika wailesi pambali kapena kugwira njinga yatsopano. Mayi ankamanga duku labwino. Chithunzicho chinkatumizidwa ku Nyasaland kuti kumudzi adziwe kuti mwana wawo ali moyo ndipo ndi munthu. Wojambula wa ku South Africa, Santu Mofokeng, anasonkhanitsa zithunzi zotere za mabanja a anthu akuda za pakati pa 1890 ndi 1950, pofuna kusonyeza mmene anthuwo ankafunira kuoneka iwo eni, mosiyana ndi mmene atsamunda ankawajambulira. Ku Bamako, Seydou Keïta anatchuka ndi kujambula zithunzi zotere. Pa zithunzi zimenezo wojambulidwa ndiye ankaitana wojambula, ndiye ankasankha chovala, ndiye ankasunga chithunzi. Funsani mafunso atatu omwewo pa chithunzi chilichonse cha tchuthi: waitana ndani, wasankha ndani, asunga ndani? Yankho likakhala mlendo katatu konse, pamenepo palibe ulemu.

Nanga tichite chiyani? Inu olipira, mphamvu ili m'manja mwanu musanatumize ndalama. Muuzeni wojambula kuti pa zithunzi zanu pasaoneke mwana wa munthu wina. Wamkulu aliyense amene mukufuna aoneke mumufunse nokha, m'chilankhulo chake, kapitawo palibe, ndipo mumuuze kuti chithunzicho chikhala pa intaneti pomwe aliyense angachione. Mulipireni ngati munthu wogwira ntchito, m'manja mwake. Lembani dzina lake ngati walola, ndipo chithunzi chotsukidwa chimufike, poti si onse ali ndi foni yotsegula zithunzi. Funsaninso mwini malo funso limodzi musanagone pakhomo pake: antchito anu analandira liti malipiro? Akakwiya nalo funsolo, mwamva yankho.

Inu ojambula, ikani m'mapangano anu mtengo wa anthu oima pa chithunzi monga mumaikira mtengo wa mafuta a galimoto. Musagwiritse ntchito nkhope ya wantchito kutsatsa malonda anu iye asanavomere padera. Inu eni malo, ngati balani likubweretsa ndalama pa ola, gawo lake lipite ku mjigo, ku chimbudzi ndi ku sukulu ya m'komboni, ndipo pakhoma pake pakhale chikwangwani chonena amene anamanga ndi kumene anachokera. Alendo ambiri angakonde kudziwa. Amene sangakonde si alendo oyenera kuwasunga.

Koma chachikulu ndi ichi. Ngati muli ndi ndalama ya maola awiri a wojambula, ola limodzi litengereni ku komboni, mutapempha kaye kwa eni ake, ndipo iwo ndiwo akhale makasitomala. Amene anakwera magalimoto a Mthandizi m'zaka za m'ma 1950 lero adutsa zaka 80, ndipo atsala ochepa. Muwajambule atavala zimene afuna, atakhala pamene afuna. Mulembe dzina, mfunda, mudzi ndi mfumu ya kwawo, chaka chimene anawoloka Zambezi, ndi mapulazi onse amene anagwirapo. Mujambule zitupa zakale, makadi a ntchito, makalata a ubatizo kapena a ku mzikiti, makadi a sikelo ya ana, pakuti timapepala totere timathandiza mdzukulu akakaima pa ofesi ya kalembera. Mujambule manda a kumapeto kwa munda asanalimidwe ndi thirakitala. Ndipo pa ndalama yotsala, kwezani mwana mmodzi wopanda kalata ya kubadwa basi yopita ku boma, muime naye pa mzere mpaka kamera ya kumeneko imujambule.

Zithunzi za ola limenelo sizidzakupezerani mitima yambiri pa Instagram, ndipo kuwala kwa m'komboni masana sikukometsa khungu. Koma pakadzapita zaka 30, mwini pulazi atasinthanso, jakaranda atadulidwa, mdzukulu wina akadzafunsidwa kuti kwanu n'kuti, adzakhala ndi choloza: nkhope, dzina, mfunda, ndi balani la njerwa zofiira limene agogo ake anamanga, iwo ataima patsogolo pake.